Madzi amene anakana kutayika

Kabotolo kake kanali kagalasi, kosapitirira chala changa kutalika, ndipo munali timadzi toonekera m'kati ngati ta pampopi. Mayi amene ankatiphunzitsa mu labotale anandipatsa kuti ndigwire, iwo n'kudonthezamo madzi a mchere pang'ono, n'kunena kuti, "Kaikeni apo, musakagwedeze. Tiyeni tikaone kaye mbale zanu zija." Titabwerako anandiuza kuti ndikatembenuze, kukamwa kuloze pansi, popanda chotsekera. Ine ndinayamba ndatchera chikhatho pansi pake, poopa kunyowetsa tebulo la eni ake. Sipanadonthe kanthu. Madzi aja anangokhala m'mwamba phee, ngati aiwala kuti madzi amatsika.

"Mwaona?" anatero akuseka. "Palibe amene wawamanga. Adzimanga okha."

Pa magawo 100 a zimene zinali m'kabotolomo, 99 anali madzi enieni. Gawo limodzi lotsalalo linali kaufa koyera kotchedwa peptide, ndipo ndi kameneko kanaluka ukonde wosaoneka ndi maso umene unagwira madzi onsewo n'kuwasandutsa gel, chinthu chofewa ngati phala lozizira chimene sichiyenderera. Papita zaka kuchokera tsiku limenelo, koma nkhani ya tinthu todzimanga tokhati sinandichoke m'mutu, makamaka chifukwa cha ntchito imene ndimagwira.

Ine ndimalima mabakiteriya. Ndi mmene ndimayankhira munthu akandifunsa za ntchito, ndipo ambiri amasendera kutali pang'ono akamva. Akabwera mafinya a pachilonda, mkodzo kapena magazi a wodwala, ndimapaka pa mbale ya agar, chakudya chomeretsera tizilombo, n'kuika mu incubator, kabati yofunditsa, pa madigiri 37 usiku wonse. Ena mwa alendo angawa ndinawazolowera moti Pseudomonas ndimamudziwa mbale ndisanaitsegule bwino, ndi kubiriwira kwake ndi kafungo kake. Tikadziwa kachilomboko, timakapakanso pa mbale ina n'kuyalapo timapepala tozungulira, kalikonse koviikidwa m'mankhwala akeake. M'mawa timayeza ndi rula. Ngati mankhwala akugwira, kapepalako kamazunguliridwa ndi bwalo loyera pamene tizilombo talephera kumera, ndipo timalemba S. Ngati tamera mpaka kukhudza kapepala, timalemba R, kutanthauza kuti sitikumva mankhwalawo. Pali masiku amene ndimalemba R kuyambira pamwamba pa fomu mpaka pansi, kenako n'kukhala kaye chete ndisanatumize, podziwa kuti dokotala akailandira agwira njakata. Wodwalayo sindimuona nkhope. Ndimangodziwa nambala yake ndi zaka zake.

Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Ndikaimva nambala imeneyi, m'maso mwanga mumabwera mafomu aja.

Ndifotokoze kaye kuti peptide n'chiyani. Mapuloteni a m'thupi mwathu amapangidwa ndi tinthu totchedwa ma amino acid, ndipo tilipo mitundu 20. Tili ngati mikanda. Mukatunga yambirimbiri pa ulusi umodzi, mazana kapena zikwi, mwapanga puloteni. Mukatunga yowerengeka chabe, iwiri, 8, 16 kapena 30, mwapanga peptide. Mikandayi siifanana khalidwe. Ina imakonda madzi, ina imadana nawo ngati mafuta. Ina ili ndi chaji cha +, monga lysine ndi arginine, ina cha −, ngati mbali ziwiri za batire. Ndiye mukatunga mwanzeru, kachingwe kamodzi kamakhala ndi mbali yothawa madzi ndi mbali yowafuna. Mukathira tizingwe totere mamiliyoni m'madzi, mbali zothawa madzi zija zimafunana kuti zibisane, za + zimakokana ndi za −, ndipo posakhalitsa tafola tokha n'kukhala ulusi wautali, timapaipi kapena timipira. Sopo amachita zofanana ndi zimenezi akamazinga mafuta, kungoti kuno wopanga kachingweko amasankha yekha mkanda uliwonse ndi malo ake, ndipo akasintha umodzi wokha, chotulukacho chimasinthanso.

Kuchepa kwake n'kovuta kukuganizira. Tengani milimita imodzi pa rula, muigawe ka 1,000,000. Kagawo kamodziko ndiye nanomita. Tsitsi limodzi ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000, kachilombo ka E. coli n'kotalika pafupifupi 2,000, pomwe ulusi wa m'kabotolo kaja sunkakwana n'komwe 10 m'lifupi. Maikulosikopu imene ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku siingauone, pamafunika ija ya ma electron.

Zambiri mwa izi zinatulukira anthu ali kufuna zina. Shuguang Zhang, ali ku yunivesite ya MIT ku America, ankafufuza puloteni ya mu yisiti imene anaitcha zuotin, n'kuonamo kachigawo ka mikanda 16 kongobwerezabwereza. Atakapanga pakokha n'kukaika m'madzi a mchere, kanalukana n'kukhala kachikopa kooneka ndi maso, ndipo anafalitsa zimenezi mu 1993. Chaka chomwecho Reza Ghadiri wa ku Scripps Research Institute ku California anasonyeza timphete ta peptide tophwatalala timene timasanjikizana ngati matayala, pakati n'kutsala dzenje, n'kukhala kapaipi. Mu 2001 gulu lake linasonyeza kuti timphete totere, ta mikanda 6 kapena 8, timalowa m'khungu la bakiteriya n'kukasanjikizana momwemo mpaka khungulo kuyamba kuchucha, ndipo tinapulumutsa mbewa zimene zinapatsidwa Staphylococcus aureus wosamva mankhwala a methicillin, uja timangoti MRSA. Ku Tel Aviv, Ehud Gazit ndi Meital Reches ankafufuza puloteni imene imaunjikana mu ubongo wa odwala Alzheimer, ndipo mu 2003 anapeza kuti mikanda iwiri yokha, phenylalanine ndi phenylalanine mnzake, ikukwanira kupanga timapaipi tolimba. Iwiri basi. Mu 2017 gulu la Gazit linasonyeza kuti tinthu timeneti timawononga khungu la E. coli.

Imene ndinagwira ine inali ya mtundu wofanana ndi MAX1, imene Joel Schneider ndi Darrin Pochan anapanga ku University of Delaware: mikanda 20, valine ndi lysine mosinthanasinthana, pakati pali pokhota. M'madzi opanda mchere imangoyandama ili yotambasuka, chifukwa ma lysine onsewo ndi a + ndipo amakankhana. Mchere ukalowa umaziziritsa mkanganowo, kachingwe n'kupindika ngati chilembo cha U, ma valine onse mbali imodzi, ma lysine mbali inayo, kenako n'kuyamba kugwirana ndi tinzake. Chinsinsi cha madontho aja chinali chimenechi. Gel wotere mukamukankha mu jakisoni amafewa n'kudutsa mu singano, akatuluka n'kulimbanso pomwepo. Mu 2007 gululi linasonyeza kuti mabakiteriya monga Staphylococcus, Klebsiella ndi E. coli akatera pamwamba pa gel ameneyu amafa, popanda kuthiramo antibayotiki aliyense.

Amafa bwanji? Khungu la bakiteriya lili ndi chaji cha − kunja kwake. Maselo athu kunja kwawo alibe chaji chochuluka, komanso ali ndi cholesterol amene amalimbitsa khungu lawo. Ndiye ulusi wodzaza ma + umakoka bakiteriya ngati maginito, mbali yothawa madzi ija n'kulowerera m'mafuta a khungu lake, lomwe kunenepa kwake ndi mananomita owerengeka chabe. Likabooka, za m'kati zimatayika. Penicillin ndi anzake ali ngati kiyi. Aliyense amafuna loko wakewake m'thupi mwa kachilomboko, ndipo kachilomboko kakasintha loko, kapena kakapeza enzyme (puloteni yogwira ntchito ngati sizasi) yothyola kiyiyo, zathera pomwepo. Peptide ilibe nazo ntchito za loko, imagumula khoma. Apa m'pamene kudzimanga kuja kumathandiza, poti kachingwe kamodzi kali kokhakokha n'kofooka ndipo madzi a m'thupi amakakokolola msanga. Mutu umodzi susenza denga. Tikalukana, ma + zikwizikwi amakhala pamalo amodzi, ndipo amakhalitsa pamene mwawaika.

Nzeru imeneyi asayansi anaionera kwa zamoyo. Hans Boman ku Stockholm anafotokoza za peptide yopha mabakiteriya yotchedwa cecropin mu 1981, ataipeza mu gulugufe wamkulu wa usiku wotchedwa Hyalophora cecropia. Michael Zasloff, ali ku NIH, bungwe lofufuza za umoyo ku America, ankachita opaleshoni achule a mtundu wa Xenopus laevis n'kuwabwezera m'matanki a madzi odzaza tizilombo, koma mabala awo ankapola osachita mafinya. Anadzifunsa chifukwa chake, ndipo mu 1987 anatulutsa pakhungu pawo peptide imene anaitcha magainin. Ifenso tili nazo zathu, monga LL-37 ya pakhungu ndi m'maselo oyera a magazi.

Koma imene ndimaikonda ine kuposa zonse ndi HD6, imene imapangidwa ndi maselo a Paneth m'matumbo athu aang'ono. Kwa zaka ndithu anthu ankadabwa nayo, chifukwa abale ake ankapha tizilombo mu mbale za mu labotale pomwe iyo inkaoneka ngati yaulesi. Mu 2012 gulu la Charles Bevins ku University of California, Davis linasonyeza chimene imachita. Ikakhudza bakiteriya monga Salmonella, imayamba kulukana pomwepo n'kukhala ukonde umene umakola tizilomboto ngati ntchentche kwa kangaude, osatha kufika pa khoma la matumbo kuti tilowe. Imangotimanga miyendo n'kutisiya. Pamene mukuwerenga panopa, m'mimba mwanu muli tinthu todzimanga tokha, ndipo tinayamba ntchito imeneyi labotale iliyonse isanamangidwe.

Tsopano ndinene za chubu chofiira, chifukwa nditasiyira pamenepa ndikhala ndakunamizani.

Pa maphunziro omwe aja tinapatsidwa ka peptide kena kuti tikayese. Pa mabakiteriya kanachita zodabwitsa, moti mbale yanga ya m'mawa inali yoyera mbee, popanda ndi kadontho komwe. Ndinathamanga nayo kwa mayi aja ndikusekerera ndekha. Iwo anangoiyang'ana pang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga magazi mwayesa?" Ndinati ayi. "Kayeseni kaye, mudzasangalale bwino mawa." Kuyesa kwake n'kosavuta. Mumatenga maselo ofiira a magazi, kuwatsuka ndi madzi a mchere, kuwasakaniza ndi peptide, kudikira ola limodzi, kenako kuzunguza chubucho m'makina otchedwa centrifuge. Maselo akakhala athunthu amakhala pansi ngati kadontho kofiira, madzi a pamwamba ali oyera. Changa chinatuluka chofiira psuu kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati ndathiramo inki. Maselo anali ataphulika. Ka peptide kanga kankaphadi mabakiteriya, koma mmene asidi amaphera, chilichonse chimene wachipeza. Mayi aja anakweza chubucho ku windo, n'kuchiyang'ana nthawi ndithu. "Kupha tizilombo mu mbale n'kosavuta, achimwene, ngakhale sopo amapha. Ntchito ili pa kusiya mwini thupi wamoyo."

Vutoli ndi lakale. René Dubos anatulutsa gramicidin, peptide yopha tizilombo, mu bakiteriya wa m'dothi mu 1939, penicillin asanayambe kufika kwa odwala, koma ankaphulitsa maselo ofiira, moti mpaka lero amangogwiritsidwa ntchito kunja kwa thupi, m'mankhwala opaka ndi odontheza m'maso kapena m'makutu. Wopanga peptide amakhala ngati munthu woyeza pa sikelo: akachulutsa mikanda yothawa madzi, imapha mwamphamvu koma imalumanso maselo athu, akachepetsa n'kungokhala madzi chabe. Komanso zimene zagwira m'madzi oyera a mu labotale nthawi zambiri zimafooka zikalowa m'magazi, chifukwa mchere umaphimba ma + aja ndipo mapuloteni a m'magazi amazimatirira zisanafike kwa bakiteriya.

China chimene chimandipweteka mutu ndi mawu amene ndimakumana nawo kawirikawiri m'nkhani za pa intaneti, akuti mabakiteriya sangathe kuzolowera mankhwala oterewa. Ndimakayika ngati olembawo anagwirapo mbale m'manja. Zoti n'kovutirapo ndikuvomera, poti kusintha khoma lonse si chimodzimodzi kusintha loko. Koma amatha. Staphylococcus aureus ali ndi puloteni yotchedwa MprF imene imamata lysine pa khungu lake, kuti nalo likhale ndi ma + n'kumakankha peptide ikabwera. Colistin, amenenso ndi peptide ya + yolimbana ndi khungu la bakiteriya, madokotala anamusiya cha m'ma 1970 chifukwa chowononga impso, n'kudzamubwereranso mankhwala ena atayamba kulephera. Mu 2015 ofufuza ku China analengeza za jini ya mcr-1, imene anaipeza mu E. coli wa m'nkhumba ndi wa mwa anthu. Imachepetsa chaji cha − pa khungu la kachilomboko kuti colistin asamatirirepo, ndipo ili pa plasmid, kachidutswa ka DNA kamene mabakiteriya amapatsirana ngati ana asukulu kubwerekana cholembera. Pasanapite nthawi inapezeka m'mayiko ambiri. Mantha anga ena ndi akuti tikaphunzitsa tizilombo kukana ma peptide opangidwa ndi anthu, mwina tikhala tikutiphunzitsanso kukana a m'thupi mwathu momwe.

Kuchoka pa mbale kukafika pa bedi la wodwala ndi mtunda wautali. Magainin uja anamukonzanso n'kukhala mafuta opaka otchedwa pexiganan, a zilonda za kumapazi za odwala matenda a shuga. Mu 1999 bungwe la FDA, lovomereza mankhwala ku America, linakana kumuvomereza, ndipo atamuyesanso pa odwala, zotsatira za mu 2016 zinasonyeza kuti sankaposa mafuta opanda mankhwalawo. Zaka pafupifupi 30 kuchokera pa achule aja. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo ma peptide ambiri odzimanga okha olimbana ndi mabakiteriya akadali pachala, mu mbale ndi mu mbewa. Kupanga kwake nakonso n'kodula. Njira ya Bruce Merrifield ya mu 1963, imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1984, imatunga mkanda umodzi, kutsuka, kutunga wina, kutsukanso, ndiye kachingwe kakamatalika ndalama nazo zimakwera. N'chifukwa chake anthu amatengeka mtima ndi timikanda tiwiri ta ku Tel Aviv tija.

Sikuti ndataya mtima ayi, ndimangosankha malo. Zoti tidzameza mapiritsi a peptide yotere m'malo mwa amoxicillin, ine sindikuziona posachedwa, poti m'mimba muli ma enzyme amene ntchito yawo ndi kudula zinthu ngati zimenezi. Koma bala la moto, chilonda cha shuga chimene chakana kupola, kapaipi ka mkodzo kamene kakhala m'thupi masabata angapo, chitsulo cholumikizira fupa lothyoka, amenewa ndiwo malo ake. Pamalo oterewa mabakiteriya amamanga mudzi wawo wonanda wotchedwa biofilm n'kubisalamo, magazi safikako bwino, ndipo antibayotiki wa mu diripi amakafika atatopa kale. Gel angaikidwe pomwepo, n'kudzaza ngodya zonse za bala, kulisunga lonyowa, kupha chimene chamukhudza, kenako n'kusungunuka kukhala ma amino acid amene thupi limawadziwa kale. Angathenso kunyamula antibayotiki wamba n'kumamutulutsa pang'onopang'ono. Zoti gel wa peptide angalowe m'chipinda cha opaleshoni zinatheka kale. RADA16, mdzukulu wa kachingwe ka Zhang kaja, amagulitsidwa ndi dzina la PuraStat, ndipo madokotala amamupaka kuti aletse magazi kutuluka, makamaka akamagwira ntchito m'matumbo ndi kapaipi ka kamera. Ameneyu si wopha tizilombo, koma wasonyeza kuti thupi limamulandira ndipo fakitale ingathe kumupanga wambiri.

Ofufuza ena akupanga ma peptide amene amayenda m'thupi ali tizidutswa tosavulaza, n'kudzimanga pokhapokha akakumana ndi enzyme ya bakiteriya kapena asidi wa pamalo otupa. Ntchito imeneyi ndimaitsatira ndi chidwi, chifukwa ikukhudza chubu changa chofiira chija mwachindunji: chida chiyambe kuluma chitafika pa mdani, osati chili m'njira. Pa za ma enzyme odula aja, njira ina ndi kutunga mikanda ya dzanja linalo. Pafupifupi amino acid aliyense ali ndi mnzake wofanana naye ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, wina L wina D. Mapuloteni athu amamangidwa ndi a L, ndipo masizasi a m'thupi mwathu anasulidwira amenewo, moti pa a D amangoterereka. Timphete ta Ghadiri tija timasinthanitsa D ndi L. Kungoti chimene thupi silingathe kudula silingachichotsenso msanga, ndiye impso ndi chiwindi zimatsala nacho.

Sabata yomaliza ya maphunziro aja, mayi aja anandituma kukatenga kabotolo koyamba kaja mu firiji. Kanali chikhalire, gel ali m'malo mwake. Anadonthezamo trypsin pang'ono, enzyme ya m'matumbo mwathu imene imadula puloteni pamene yapeza lysine kapena arginine, n'kukaika mu incubator pa madigiri 37. Lachisanu, tsiku lotsanzikana, anati, "Achimwene, katembenuzeninso." Ulendo uno sindinatchere chikhatho, ndinali nditakakhulupirira kabotoloko. Madzi onse anakhuthukira pa gulovu, n'kutsikira m'mkono wa koti yanga yoyera mpaka pachigongono. Iwo anandipatsira pepala lopukutira osanena kanthu, n'kutembenuka kukatulutsa mbale za tsikulo.